Ola Limodzi ndi Theka

A Marjorie anapeza amuna awo, a Vitalis, atayala kale bolodi patebulo la pakhonde. Ndi dzanja lamanzere, lokhalo limene sitiroko inawasiyira, anali atandanda tizombo tamatabwa m'mphepete mwa nyanja yojambulayo. Masewerawo, a ankhondo akale otchedwa Avaikingi olimbirana zilumba, anachita kutumiza ndi mwana wawo wa ku Ulaya. Pabokosi panalembedwa kuti amafuna anthu osachepera atatu ndi ola limodzi ndi theka basi. Wolembayo sankalidziwa Loweruka la mu Blantyre.

Chidwalireni, lilime la a Vitalis linalemera, ndipo odzazonda ankawayankhula ngati khanda. Pabolodi pokha ndi pamene anzawo ankawaopabe.

"Alamu, lero ndine nkhoswe ku Chilobwe," a Paston, mmodzi wa anzawo osewera nawo Loweruka lililonse, anauza a Marjorie pafoni. "Ndikapanda kuoneka, akuchikazi andidya wamoyo."

A Dan, mkulu wa mpingo, anali ku maliro ku Nkolokosa. Maliro n'kulirana, ndani akanawatsutsa? Chenjerani nazo zifukwa zabwino. Zoipa munthu amachita nazo manyazi, koma zabwino zimasiya wodwala yekha popanda wolakwa.

Cha m'ma 3 koloko anafika a Eliot, makiyi a galimoto ali m'manja.

"Achimwene, zilumba zanu zija lero ndilanda zonse. Alamu, khalani apa tikwane atatu. Madamu ndawasiya ku Limbe kolangiza mkwatibwi, akangoimba ndanyamuka."

A Marjorie anaima njii. Miyezi itatu yonse chibwerere masewerawo anali asanakhudzepo madayisi, poti kwawo anakula akumva kuti n'zida za juga, zosayenera dzanja la mayi wa Mvano. Anayang'ana amuna awo, amene maso awo anali pampando wachitatu. Anakhala pansi, natola madayisiwo.

A Vitalis anamwetulira ndi theka la mlomo. Anayesa kulongosola malamulo, mawu n'kukanirira pakhosi, ndipo a Eliot anawamalizira mothamanga. Mayiwo anasokoneza kawiri, chombo chawo chikulowera chakumtunda.

"Alamu, chimenecho n'chombo, si minibasi ya ku Bangwe," anatero a Eliot.

Phewa la a Vitalis linagwedezeka ndi kuseka. Posakhalitsa anazinga a Eliot mbali zitatu. Kunangotsala kuti mnzawoyo asunthe, iwo amalize. Pomwepo foni inalira.

"Musasunthe kanthu, timaliza Loweruka likubwerali," anatero a Eliot ali kale pageti.

Mlendo ndi mame. A Marjorie ankadziwa kuti Loweruka limenelo ndi la ukwati weniweniwo.

"Bambo, ndiwasewerere ndine?"

A Vitalis anapukusa mutu. Pamasewera sankadumpha munthu. Anasonkhanitsa madayisi, nawaika patsogolo pa mpando wopanda munthuwo, kenako anapinda dzanja n'kudikira. Mphepo yochokera kunkhalango ya Kanjedza inagwetsa tsamba louma pakati pa nyanja. A Marjorie analichotsa mosamala, osakhudza chombo chilichonse, nakhalanso pansi.