Manati Awiri Owotcherera

Mipeni iwiri yatsopano ya makina otchetchera udzu ndinabwera nayo m'sutikesi, yokulungidwa m'juzi. Zaka makumi awiri ndili kunja, mphatso yanga kwa achimwene inali zitsulo. Anaziyang'ana ngati ndawapatsa mwana wa eni kuti alere.

Nkhani inali ya malalanje amene anadzala malemu bambo, mizere isanu ndi umodzi kuseri kwa shedi. Udzu unali utafika m'chiuno, wouma gwa, ndipo mwini munda woyandikana nafe anali atanena kuti mawa atentha tchire lake. Popanda kutchetcha mozungulira mitengoyo, moto ukanangolowa ngati kwawo.

Makina otchetchera, aja okokedwa ndi thirakitala, ndinawapeza pomwe ndinawasiya, kungoti utoto unali utatha. Mipeni yake inali itabuntha ngati masipuni. Tinawakweza ndi jeke, n'kuika zipika pansi, ine n'kukwawira m'kati ndi sipanala. Achimwene anakhala pa ndowa n'kumandifunsa ngati kunjako amaphunzitsanso kugona m'fumbi.

Nati yoyamba yomangira mpeni inakana kumasuka. Ndinathira oilo, ndinalumikiza paipi ku sipanala, ndinaponda ndi mwendo. Osasuntha. Nditapala dzimbiri ndi chala m'pamene ndinaona chipsera chachitsulo kuzungulira bawuti.

“Achimwene, manatiwa anawotcherera ndani?”

Anati iwowo. Manatiwo ankamasuka pafupipafupi, tsiku lina mpeni unauluka n'kuboola khomo la shedi, ndiye anaitana wowotcherera kuti athane nawo. Ndinawakumbutsa kuti bambo ankalowetsa kawaya pa kabowo ka bawuti, basi, nati osayendanso. Ndinkawagwirira pulayala ndine.

“Achemwali, kawayako kanatha chaka chomwe munanyamuka,” anatero. “Ine ndinatsala ndi makinawa. Inu munatsala ndi kukumbukira.”

Gilayinda yodulira zitsulo inalipo koma magetsi kunalibe. Tinayamba kucheka ndi sowo yazitsulo, mosinthana, chagada, dzimbiri likugwera m'maso. Dzuwa lili pamutu nati imodzi inagonja, mpeni watsopano n'kulowa bwinobwino. Pa yachiwiri sowo inathyoka, ndipo ina panalibe.

Achimwene anati tiyende choncho, watsopano uku, wakale uko. Ndinati mipeni imasinthidwa yonse pamodzi, ikasiyana kulemera makina amadzigwedeza mpaka kudzipha, kabuku kake kamanena momveka. Anayankha kuti kabukuko sikanatchetchepo udzu. Ndinatopa, ndinawasiya.

Analiza thirakitala. Mamita khumi oyamba udzu unagwa mokongola moti ndinayamba kuchita manyazi. Kenako chitsulo chonse chinayamba kunjenjemera, kulira ngati mgolo ukugubuduka pamiyala, oilo wakuda n'kutuluka pa giyabokosi. Anazimitsa. Palibe anayang'ana mnzake.

Ndinapita ndekha kwa mwini munda uja kukapempha masiku awiri. Munthuyo, amene ndinkakhala naye desiki imodzi kusukulu, anandipatsa mpando ngati mlendo wochokera ku ofesi. Anati wolima ndi thirakitala akubwera mkuja, sangasinthe, koma adikira mpaka mphepo ya m'mawa itadeka.

Nditabwerera ndinapeza achimwene akunola zikwakwa ziwiri. Anati ndi manja athu, ndi msana wawo wovutawo, tikhoza kuteteza mizere inayi dzuwa lisanalowe. Iwiri itsala.

“Musankhe ndinu,” anatero. “Mumaikonda kuposa ine.”

Ndinayenda pakati pa mitengoyo kawiri. Ndinasiya mizere yakumunsi, yomwe ndinathirira ndekha ndili mtsikana, chifukwa ndi imene inali itakalamba kwambiri.