Dothi la ku Kalumphe

A Thandazani Mbewe anagwada kachitatu n'kupisa dzanja kunsi kwa bedi. Anatulutsa nsapato zakale, ambulera yothyoka ndi sutikesi ya malemu mkazi wawo. Chitini panalibe.

Pageti panaima Imelda Mwale, chitenje chakuda m'chiuno, maso ali psuu. Mayi ake, a Nabanda, anali atamwalira dzulo lake ku Chelstone, mbali ina ya mzinda wa Lusaka, ndipo mawa lake linali tsiku loika maliro. Imelda anakwera minibasi ziwiri kubwera ku Kabwata kudzapempha dothi la kwawo.

Kwawoko kunali ku Kalumphe, katauni kakang'ono ka kum'mawa, kokakamira m'tsinde mwa phiri, kumene nkhungu imachedwa kuchoka ndipo mwezi wa Juni madzi amaluma mano. Makolo awo anathawira m'phirimo pa nkhondo zakale, nabisala m'mapanga, napulumuka ndi madzi a kasupe wa kuseri. Pambuyo pake amishoni anamanga tchalitchi cha njerwa pafupi ndi kasupeyo. Kunabwera sukulu, sitolo zitatu ndi msika wa Lachinayi wa mbatata ndi nthochi. Ana ophunzira pasukulupo anatsikira ku Lusaka kukagwira ntchito m'boma ndi m'mafakitale, ndipo ambiri sanabwererenso. Kunyamula mtembo ulendo wa tsiku lathunthu sikunali kwa aliyense. Choncho akuluakulu anapangana kuti munthu wa ku Kalumphe akafera m'tauni, dothi loyamba kugwera pabokosi lake likhale lofiira la pakasupe. Wopanda dothilo ankati wagona ngati mlendo. Chitini cha dothilo chinakhala m'manja mwa a Mbewe zaka makumi awiri.

Anazungulira kuseri kwa nyumba kumene mpongozi wawo Keziah ankayanika zovala.

"Amake Kayla, kunsi kwa bedi langa kunali chitini cha mabisiketi. Mwachiona?"

Keziah sanatembenuke msanga. Anayamba wakamula siketi ya mwana.

"Chija cha doti, badadi? Ninataya."

"Munataya kuti?"

"Mu mgelo wa kumsewu, mopita madzi, sabata yatha. Mvula inapita nayo." Tsopano anawayang'ana. "Kayla adwala chifuwa miyezi itatu manje. Mankhwala siyasebenza. Ba pasita anakamba kuti tichose vonse va kumunzi vobisika m'nyumba. Nanga nichite bwanji? Niyembekezele mwana afe?"

"Mukanandifunsa."

"Sembe munakana."

Zimenezo zinali zoona, akanakana. A Mbewe anayang'ana zovala za mdzukulu wawo pachingwe, timalaya ting'onoting'ono tikudontha madzi. Keziah anabadwira ku chipatala cha mu Lusaka momwemo, ndipo phiri lalikulu lomwe ankalidziwa linali mulu wa zinyalala wa kuseri kwa msika. Sanamukalipire. Anabwerera kugeti.

"Imelda, mwana wanga, pita ukakhale ndi anthu pamaliro. Dothi ndibwera nalo ndekha kumanda."

"Musaiwale, amalume. Amayi anakamba kawiri m'chipatala. Akuti bokosi mugule lililonse, koma dothi la pakasupe lisasowe."

"Ndamva."

Imelda atakwera minibasi, a Mbewe anapita ku msika wa Kabwata. Kumeneko mnzawo wa paubwana, a Lemmy Sakala, ankasoka nsapato pansi pa lata limodzi. Anamvetsera nkhani yonse chingwe chili kukamwa.

"Madzi akatayika sawoleka," anatero a Sakala. "Koma iwe Thanda, munthu wophunzira, kalaliki wa boma, kusunga phiri lathunthu kunsi kwa bedi ngati mphika wokodzeramo!"

"Seka. Ukatha undiuze chochita."

"Tuma munthu kumudzi."

"Akatape pati? Unapita liti komaliza?"

Onse awiri ankadziwa. Zaka zitatu zapitazo kampani yophwanya miyala inatchinga mbali ya kuseri kwa phiri ndi waya. A Mbewe anapitako chaka chatha, napeza dzenje lalikulu loyera pamene panali kasupe, mlonda pageti, ndi fumbi pamasamba a nthochi mpaka kumsika. Tchalitchi chinali chitang'ambika khoma. Dothi la m'chitini linali lomaliza.

"Ndiye tamvera," a Sakala anatsitsa mawu. "Dothi lofiira ladzaza ku Chelstone konko. Tapa m'mbali mwa msewu, usefe bwinobwino, ugule chitini china. Ndani adzadziwe? Wakufa sanunkhiza."

"A Nabanda akanadziwa."

"A Nabanda agona, mwamuna iwe! Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ukaulula kuti latha, ndani adzabwerenso ku msonkhano wathu wa mwezi ndi mwezi wa anthu a ku Kalumphe? Ana athu amabwera chifukwa choopa kuika makolo awo opanda dothi. Chitini chikatha, ifenso tatha. Tidzangokhala nkhalamba za mu Lusaka zodikira basi."

A Mbewe anatola nsapato imodzi pabenchi n'kuiyang'ana kunsi ngati ndi yawo.

"Kapena ukuganiza za kabotolo kako?" anafunsa a Sakala. "Usayerekeze. Tikambenji angakuzukire."

Tikambenji anali mkazi wa a Mbewe. Pa ulendo wawo womaliza wa ku Kalumphe, iye akudwala kale, anakwera pang'onopang'ono mpaka pakasupe, natapa dothi ndi manja ake m'timabotolo tiwiri ta mafuta odzola. "Aka n'kanga, aka n'kanu," anatero, "kuti tikapezane pamalo amodzi." Kake kanagwira ntchito chaka chomwecho. Ka a Mbewe kanali m'sutikesi ya malemuyo, mkati mwa duku lake.

Masana a Mbewe anakwera minibasi ya ku tauni, nasinthira ina ya ku Chelstone. Panyumba ya maliro amuna anali panja pansi pa tenti, amayi akuimba m'nyumba nyimbo za Chinyanja za ku tchalitchi cha Reformed. Anakhala pang'ono, napepesa abale. Akumva nyimbozo anakumbukira kuti pa maliro a Tikambenji, a Nabanda ndiwo anasambitsa mtembo, ndiwo anagona pansi m'nyumba mwawo masiku anayi, miyendo yotupa, osadandaula.

Pobwerera, asanafike pokwerera basi, anaima pamene anthu anakumba ngalande ya mapaipi. Dothi lake linali lofiira ndithu. Anayang'ana uku ndi uku ngati wakuba, nawerama, natapa manja awiri m'kapulasitiki ka shuga. Analifikisa pakati pa zala. La ku Kalumphe limakhala ndi timiyala tonyezimira, ukaliika padzuwa limaphethira. Ili linali lofiira chabe. Koma ndani amayang'anitsitsa dothi pamanda, misozi ili m'maso?

M'mawa mwake anavala jekete lakuda. M'thumba la kumanzere anaikamo kapulasitiki. Anaima nthawi yaitali patsogolo pa sutikesi, kenako anamasula duku n'kuika kabotolo m'thumba la kumanja. Keziah anawapatsa tiyi osakweza maso. M'chipinda Kayla ankatsokomolabe.

Ku manda a Leopards Hill kunali matope. Maliro anali anayi nthawi imodzi, nyimbo zikulowana. Anthu a ku Kalumphe anaima mbali imodzi, imvi zokhazokha, ana awo ali kumbuyo ndi mafoni m'manja. Abusa atatha pemphero, bokosi litatsika, wolengeza anakweza mawu.

"Tisanaponye dothi la kuno, tipatse mpata a Mbewe, atipatse la kwathu."

A Mbewe anasendera m'mphepete mwa dzenje. A Sakala anali pambali pawo, nawagunda ndi chigongono pathumba la kumanzere. Imelda anatambasula manja onse awiri pamodzi, monga mwana wolandira mchere kwa mnansi.

Dzanja la a Mbewe linalowa m'thumba la kumanja.

Chivindikiro chinali chitagwira dzimbiri, ndipo chinavuta kutsegula. Anakhuthulira dothi lonse m'manja mwa Imelda, nagogoda kabotolo kunsi kuti pasatsale kanthu. Dzuwa linali litatuluka pang'ono, ndipo timiyala tija tinaphethira.

"Ndi lomweli," ananong'ona mayi wina wokalamba. "Taonani kunyezimira."

Imelda anagwada m'matope. "Amama, kwanu uku," anatero, nalimwaza pabokosi.

Mafosholo atayamba, mayi wokalamba uja, a Nazimbiri, anakoka jekete la a Mbewe.

"Bwanji lero mwabwera ndi kabotolo? Chitini chili kuti? Ine ndiye wotsatira, musandimalizire."

A Nazimbiri anafuna kuseka, koma a Mbewe sanaseke.

"Latha, mayi. Limeneli linali lomaliza. Ndipo kasupe kulibenso."

Sananene za Keziah. Mawuwo anayenda pakati pa nkhalambazo kuchoka pakhutu kupita pakhutu. Panalibe amene analira mokweza. A Nazimbiri anangomasula dzanja lawo pajekete, nayang'ana mizere ya manda yofika mpaka kumpanda, yonse ya dothi lotuwa.

Basi ya maliro inachedwa kunyamuka. A Mbewe ndi a Sakala anakhala pa mpando wakumbuyo, nsapato zolemera ndi matope.

"Wapusa kawiri," anatero a Sakala. "Wapereka lako, waululanso. Msonkhano wa mwezi uno udzakhala wekha ndi mipando. Nanga Tikambenji ukamuuza chiyani?"

"Ndikamuuza kuti ndinapatsa a Nabanda. Amawadziwa."

"Akakupeza bwanji, iwe mlendo?"

A Mbewe anatulutsa kapulasitiki m'thumba la kumanzere, nathira dothi la ku Chelstone m'kabotolo kopanda kanthu kaja, mosamala, kuti lisatayikire pampando.

"Nanga ilo n'lachiyani tsopano?"

"Langa. Ndakhala mu Lusaka zaka makumi anayi ndi zisanu, Lemmy. Ku Kalumphe ndinakhalako khumi ndi zisanu ndi zinayi. Tsiku langa likafika, udzauze anthu zoona, kuti ili ndi la m'ngalande ya mapaipi ku Chelstone. Usadzanamize munthu."

A Sakala anayang'ana pawindo. Anyamata okumba manda anali atayamba kale dzenje lina pafupi ndi la a Nabanda. Basi inalira, inagwedezeka, niyamba kuyenda.

"Latsalako m'pulasitikimo?" anafunsa osatembenuka.

"Pang'ono."

"Usataye. Undisungire."