Wokhala pa Benchi Amawerenga

"Wathyola loko ndani?" anakalipa achimwene ali pakhomo la shopu yometera.

"Ndine," anatero Mzime, mlongo wawo, osatembenuka n'komwe. Makina anali kulira m'mutu mwa dalaivala wa basi.

Bambo awo, mwini shopuyo, anali atangoikidwa kumene. Koma achimwene, osadikira kuti misozi iume, anali atalonjeza kale chipindacho kwa wogulitsa mafoni, ndipo anabwera naye kudzayeza makoma.

"Mwana wamkazi kumeta amuna? Ukufuna kutichititsa manyazi?"

"Manyazi ndi kugulitsa mpando wa bambo usanazizire. Muno sindituluka, olo mubwere ndi apolisi!"

Wamafoni uja anatola buku lakale pa benchi, chikuto chake chomata ndi tepi. "Nanga zinyalalazi?"

"Bwezani pomwepo!"

Mushopumo simunalirepo wailesi. Wodikira pa benchi ankawerenga mokweza nthano yaitali ya m'bukulo, ikatha n'kuyambiranso. Malemuwo ankalitsatsa kwa aliyense ngati analemba okha. "Nkhaniyo mutha kuiwala," ankatero, "koma mmene anayalira mawu mlembi ameneyu, ayi ndithu! Werengani, mudzandithokoza." Mawu akafika pokoma ankazimitsa makina, munthu mutu uli theka, n'kunena kuti, "Bwerezani."

Achimwene analalata mpaka kukhosi kuuma. Atatopa, anadziponya pa benchi.

"Aaa, bwana, mwakhala nokha," anatero dalaivala akuwayang'ana pagalasi. "Lamulo la muno mukulidziwa. Si pomwepo munaphunzirira kuwerenga inu?"

"Za ziii," anatero achimwene.

"Werengani, achimwene," anatero Mzime. "Kapena mukuopa?"

Achimwene analanda bukulo mwaukali n'kutsegula pomwe panali chipeso, pamene anthu analekezera tsiku limene bambo anagwa. Anayamba mothamanga, ngati wowerenga chidziwitso. Koma mawuwo anakana kuthamangitsidwa. Ankanena za mvula ikulowa m'tauni, denga ndi denga, ndipo liwu la achimwene linayamba kutsika lokha.

Mzime anazimitsa makina.

Anatsegula pakamwa kuti anene mawu a bambo aja, koma misozi inangogwera pa nsalu ya dalaivala. Wamafoni anayamba kukulunga chingwe chake choyezera.

Achimwene anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. Popanda wowauza, anabweza chala pamwamba pa tsambalo n'kubwereza.