Botolo Lovina Patsogolo pa a Ovila

"Thira, thira, Mame a Golide! Kukoma kwake n'kwa kumudzi!"

A Wendell Tatro ankaimba ataima pakhomo la shedi yophikiramo manyuchi, akugwedeza chiuno ngati mnyamata, chonsecho munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri, bondo limodzi lachitsulo. M'katimo nthunzi inali tolo! A Ovila Bissonnette, mwini shediyo, ankasonkhezera nkhuni pansi pa chiwaya, ndipo sanatembenuke n'komwe.

Colleen, mkazi wa mwana wa a Ovila, anatulukira nthawi yomweyo kuchokera kusukulu kumene amaphunzitsa ana a giredi 4. Majombo ake anali matope okhaokha, pakuti mwezi wa Malichi misewu yathu imasanduka phala.

"Mwaswera bwanji, bambo?"

"Afunseni a Wendell. Ndi amene akudziwa mmene ndaswerera."

"Mayi aphunzitsi, mwatichitira zabwino zedi," anatero a Wendell akupukuta misozi ya kuseka. "Zaka zonsezi ife osadziwa kuti mnzathuyu ndi kaswiri wa pakanema. Pano alowa ubale ndi a kufakitale!"

Colleen sanamvetse kanthu mpaka a Wendell atatulutsa foni. Lamlungu lapitalo Colleen anajambula apongozi akewo kakanema ka mphindi zisanu ndi ziwiri, akuboola mtengo wa mapulo, umene umatulutsa madzi otsekemera, akukoleka chidebe, akuphika madziwo mpaka kusanduka manyuchi. Ankafuna kuti ana aonere kunyumba asanabwere kushedi Lachisanu. Chifukwa cha changu anangokaponya patsamba lalikulu la pa intaneti la makanema a dziko lonse, n'kulemba adiresi yake patsamba la kalasi. Mutu wake anaulemba monyadira kuti "Manyuchi Enieni". Tsono makina a kumeneko atangoona liwu loti manyuchi, anasankha malonda oti n'kugwirizana nalo.

A Wendell anadina. Panatulukira botolo lapulasitiki la manyuchi a kufakitale otchedwa Mame a Golide, la miyendo, litavala chipewa, likuvina pamwamba pa mapanikeke. Linavina, linaimba, linatsinzinira diso. Litangochoka, nkhope ya a Ovila inali yomweyo, akumwetulira ngati akuvomereza zonse.

Mayo ine! Kwathu kuno munthu ukhoza kumunyoza za galimoto yake, za chipani chake, ngakhale za mphuno yake, mawa n'kudzamwera limodzi khofi. Koma manyuchi a chimanga othira mtundu aja, amenewo ndi chitonzo. Malemu mayi Bissonnette, mkazi wa a Ovila, ankayenda ndi kabotolo kawo m'chikwama kulikonse kumene ankapita, kuopa kupatsidwa zoterozo m'malesitilanti.

"Bambo, pepani kwambiri," anatero Colleen, nkhope itatentha. "Si ine ndinaika zimenezo."

"Waika ndani?"

"Palibe munthu. Ndi makina."

"Ndiye makinawo abwere pano adzandipepese."

"Walira mvula walira matope, madala," anatero a Wendell. "Munafuna kutchuka."

"Ndinafuna ine? Ndinapemphedwa! Nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu." A Ovila anatseka chitseko cha ng'anjo mwamphamvu. "Kusitolo lero anthu atatu andiimbira nyimbo imeneyo. Atatu! Mmodzi ndi wansembe."

Colleen anayesa kufotokoza kuti kanemayo ndi wabwino, angomuonera mpaka kumapeto. A Ovila anakana. Anati ataona botolo kenako nkhope yawo, anakankha foniyo, ndipo zotsalazo alibe nazo ntchito.

"Lachisanu ana anu asabwere," anatero.

"Bambo!"

"Akadzandifunsa kuti agogo, botolo lovina lija mumalisunga kuti, ndidzayankha chiyani? Madzi akatayika saoleka, mwananga. Ndatha."

Colleen anabwerera kugalimoto mtima uli m'malere. Ulendo wa kushedi kwa a Ovila ndiwo ana a giredi 4 amauwerengera masiku kuyambira chaka chikamayamba. Azikulu awo anapitako, makolo awo anapitako, onse anadyako manyuchi otentha othiridwa pachipale, ndi madonasi ndi nkhaka zowawasa. Ndipo panalibe zoti tisinthe tsiku. A zanyengo anali atanena kale kuti sabata yamawa kutentha, mitengo iyamba kuphukira, madzi ake n'kuwawa. Likapita Lachisanu ili, kwatha mpaka chaka chamawa, anawo ali giredi ina.

M'mawa mwake, Lachitatu, belu lisanalire, Colleen anali kale kulaibulale ya sukulu. Mayi Doreen Fassett, amene amayang'anira mabuku ndi makompyuta onse, anamumvetsera akutafuna chingamu. Colleen atafika pa botolo la chipewa, mayiwo anagwira tebulo n'kuseka mpaka magalasi kugwa.

"Musaseke, a Doreen, ine sindinadye dzulo."

"Pepa, mwana wanga. Koma ndikufunse. Mwezi wa Ogasiti, tsiku lija ndinkaphunzitsa aphunzitsi nonse za tsamba la sukululi, iwe unali kuti?"

"Ndinalipo."

"Unalipo thupi. Unakhala kumbuyo ndi sizasi, ukudula zilembo zomata pakhoma. Ndinakuona. Unali pa chilembo cha M pamene ndinkanena zimenezi."

Colleen anaphimba kumaso.

"Safunsa anadya phula," anatero mayi Doreen akukoka mpando. "Khala apa. Tsamba la sukulu lili ndi malo akeake a makanema. Ukaika kanema mmenemo, amaseweredwa momwemo, pansi pa ntchito ya ana. Mwana satuluka kupita kwina. Palibe malonda, palibe timakanema tina toti onerani aka, onerani ako. Foni yako ili kuti?"

Ntchito yonse sinathe mphindi khumi. Anachotsa kanema kutsamba la dziko lonse lija, anamuika m'tsamba la kalasi, anadina. A Ovila anatulukira nthawi yomweyo, ataima m'chipale, choboolera chili m'manja.

"Basi?" anafunsa Colleen.

"Basi. Kuthamanga si kufika."

Koma kukonza kanema kunali kosavuta. Chovuta chinali mwini nkhope. Colleen anawaimbira apongozi ake pa nthawi yopuma, iwo n'kungoti, "Ndikuphika," n'kudula. Anawatumizira uthenga kudzera kwa mwamuna wake, yankho n'kubwera loti chilichonse chokhala ndi galasi lowala asabwere nacho kushedi. Madzulo ake anayenera kuwauza ana kuti ulendo mwina ulephereka.

Lachinayi masana, Colleen akudya sangweji yake kulaibulale, kunja kunamveka mkangano. Anali a Wendell, akutsimphina, atagwira a Ovila pamkono wa jekete.

"Unati tikukagula mafuta a makina ochekera!" ankakalipa a Ovila.

"Ndinanama. Kawulule kwa wansembe wako woimba uja. Lowa!"

"Mwabwera bwanji, a Wendell?" anafunsa mayi Doreen. "Si inu munayambitsa kwaya?"

"Musandikumbutse, mayi. Mdzukulu wanga ali m'kalasi mwa aphunzitsiwa. Chimvereni kuti ulendo wafa chifukwa cha nyimbo ya agogo ake, sakundiyankhula. Agogo ake aakazi nawo agwirizana naye. Dzulo ndinadya buledi wouma ndekha, ndili chiimire."

"Walira mvula," anatero a Ovila, ndipo kanali koyamba kuti pakamwa pawo paoneke kakumwetulira.

Mayi Doreen sanawapatse mpata wothawa. Anawakhazika pampando wa ana, mawondo kufika pachifuwa, n'kuyatsa kanema pachinsalu chachikulu cha pakhoma. A Ovila anapinda manja. Panaoneka mitengo, chipale, ndi iwo eni.

"Imitsani," anatero. "Yambitsaninso. Botolo lija labisala."

Anayambitsanso.

"Kachitatu. Zinthu zimenezi n'zochenjera."

Kachitatu nakonso botolo silinabwere.

"Lapita kuti?"

"Muno sililowa, a Ovila," anatero mayi Doreen. "Muno ndi m'sukulu. Pakhomo pali ine."

"Nanga ana akakaonera kunyumba?"

"Akaona zomwezi, bambo," anayankha Colleen. "Inu nokha, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Winayo ndinamuchotsa. Kulakwa kunali kwanga, ndinachita zinthu mothamanga."

A Ovila anang'ung'udza china chake m'Chifalansa cha makolo awo. Kenako anakweza chibwano. "Musiyeni apite, tione zimene munajambulazo."

Pachinsalupo munthu wachikulire anasisita khungwa la mtengo, kufuna malo abwino. Anaboola, anakhomera kampopi ndi kanyundo, kugogoda kawiri kokha. Dontho loyamba linagwera m'chidebe, ndipo phokoso lake linamveka bwinobwino m'laibulale monse. Kenako zinaoneka za m'shedi. Colleen anali atayandikitsa foni pamanja: dzanja lamanja likutunga manyuchi ndi chipande, kuchipendeketsa pang'ono, lamanzere lili kumbuyo pamsana. Mawu a a Ovila anamveka akuti, "Akamagwa madontho, sanapse. Akamatsika ngati nsalu, chotsa msanga."

A Wendell anayang'ana mnzawo.

A Ovila anali atamasula manja. Anali atawerama, maso ali pachinsalu.

"Bwezani pang'ono," anatero chapansipansi. "Pachipande paja."

Mayi Doreen anabweza.

"Amenewo ndi bambo anga," anatero a Ovila. "Taonani dzanja kumsana. Ankaima choncho. Mawu amenewonso ndi awo, ine ndangobwereka." Anayang'ana manja awo enieniwo, kuwatembenuza uku ndi uku. "Tilibe chithunzi chawo ngakhale chimodzi ali m'shedi. Ankati ntchito sijambulidwa. Zaka makumi anayi ndakhala ndikuyesa kukumbukira mmene ankaimira, osadziwa kuti ndimayenda nawo."

Colleen anamva misozi ikubwera, ndipo sanaibise. Anasangalala kwambiri moti anaiwala n'zoti sangweji ili m'manja mwake.

A Ovila anatulutsa kampango n'kupukuta m'maso. "Nthunzi," anatero.

"Nthunzi m'laibulale, madala?" anafunsa a Wendell.

"Khala chete, wovina iwe."

Kanema atatha, a Ovila anadzuka pakampando kaja movutikira, a Wendell akuwakoka. Anavala chipewa, n'kuchivulanso.

"Mayi Doreen, zimenezi zikhalamo mpaka liti?"

"Mpaka wina adzazichotse. Ndipo ine ndilipo, palibe angayerekeze."

"Ngakhale ana a chaka chamawa adzaona? Ngakhale mwini wake atapita?"

"Adzaona."

A Ovila anatembenukira kwa Colleen. Panja belu linalira, ndipo m'khonde munayamba kumveka mapazi a ana akuchokera kokadya.

"Colleen, mwananga."

"Bambo."

"Mawa basi ya ana ifike naini koloko. Auzeni avale majombo, kuli matope oopsa. Wendell adzatuta chipale choyera kuseri kwa phiri, ndiyo mphotho ya kuimba kwake."

"Ndi bondo ili?"

"Povina linali bwino."

Colleen anafuna kuwakumbatira, koma ankawadziwa apongozi ake, choncho anangowagwira dzanja ndi manja awiri. Iwo sanalichotse msanga.

"Ndipo mawalo mubwerenso ndi foni yanu ija," anatero. "Mwajambula zochepa. Simunajambule kusefa, simunajambule mmene timadziwira nkhuni zabwino. Bambo anga anandiuza zambiri, ndipo ine sindinauzepo munthu."