Kalongonda wa Mizimu ya pa Michesi

Mvula inayamba m'mawa, yamawawa, ndipo phiri la Michesi silinkaoneka n'komwe. Kumunda sikunapitike.

Mwana wanga Peggy, wophunzira ku Zomba, anayala patebulo chipepala chojambulidwa phiri. Anati ndi masewera: aliyense amasanduka munthu wa m'nthano, iye n'kumafotokoza zochitika, pakavuta umaponya dayisi, kafupa kolembedwa manambala. Akuti azungu anatola zawo m'mabuku a nthano zakwawo, zinjoka zolavula moto ndi asilikali ovala zitsulo. Iye zake anatola kwa malemu amayi ake, amene ankadziwa za mizimu ya m'phiri.

Ndinakana. Kenaka anabwera a Goliati, alamu anga, ndi Mayi Rozaria a kuseri kwa mpanda, amasiye ngati ine. Ndinakokera mpando pafupi.

A Goliati anasankha kukhala sing'anga. Posakhalitsa anali atagwera m'phompho pothawa nyani.

"Dayisi ameneyu ngwachipani!" anakuwa. "Ndiponyenso!"

"Sing'anga wosaona phompho?" anatero Mayi Rozaria, amene anali mlenje. Anaseka mpaka duku linagwa. Inenso ndinatsala pang'ono kuseka.

Ine ndinali wodula nsungwi. Sindinayankhule, ndinkangoloza pachipepala.

Nkhungu inatisokoneza m'phirimo, kamba n'kutha. Mlenje anagona pansi ndi njala. Peggy anatsitsa mawu.

"Ababa, kuseri kwa thanthwe mwapeza mbale ya kalongonda, yotentha, ndi nthochi zakupsa. Mwini palibe."

Tonse tinadziwa. Chakudya cha mizimu umadya wekha. Ukaitana mnzako chimazimiririka, nawenso sutsika phiri.

"Bambo a Peggy," anatero Mayi Rozaria, "mlenje wanga akafa inu mukutafuna, phazi langa pakhomo pano simudzalionanso."

Ankaseka, koma mayi amenewa anasiya kwaya chifukwa cha mkangano wa ambulera, mpaka lero sanabwerere. Ndipo chimwalirire mkazi wanga, ndi iwo okha amene amandipatsa moni osandimvera chisoni.

"Aitaneni, alamu!" anatero a Goliati. "Bwerani kuno kwa akufa, kuli malo!"

"Amayi ankati osaitana," anatero Peggy.

"Osaitana," ndinavomera. "Za kusendera sananene."

"Ndiye mukutani?"

"Ndasendera. Ndasiya malo pamwala. Ndikutafuna mokweza."

A Goliati anamenya tebulo. "Imvani mfiti iyi! Ndiye kuti kusayankhula konseku ankakonzekera lero!"

Peggy anaganiza, akudziluma mlomo. "Mlenje aponye. Nambala ikakhala yaikulu, wamva kutafunako."

Mayi Rozaria anauzira dayisi mpweya, n'kuponya ngati akuthamangitsa nkhuku. Dayisi anadumpha tebulo n'kulowa pansi pa kabati. Tonse tinagwada, anthu aimvi, mitu kugundana, a Goliati akuwalitsa foni n'kumaletsa aliyense kukhudza dayisiyo.

"Yaikulu!" anakuwa Peggy.

Nthungululu inamveka mpaka kumsewu. Mayi Rozaria anavina pang'ono duku lili m'manja, a Goliati akudandaula kuti mizimu ya masiku ano njofewa. Ndinaseka mokweza. Peggy anasiya zonse n'kundiyang'ana.

Potuluka, Mayi Rozaria anaima pakhomo. "Mlenje ndi wodula nsungwi sanatsike phiri. Mawa nthawi yomweyi?"

"Ee," ndinatero.

Mvula itakata, ndinatsitsa thumba la kalongonda kudenga, n'kuviika wokwanira anthu anayi.