Nambala Imene Anakweza a Zakeyu

A Zakeyu ankabena nyimbo ndi mafilimu, kukopera anthu pa mafoni ndi mafulashi awo, m'kashopu ka malata pafupi ndi msika wa pa Mwanza. Kale ankakonza mawailesi, mpaka anthu anasiya kubwera nawo. Anagulitsapo makaseti, nawonso anatha ntchito. Tsopano maso anali atayamba kuchita chifunga, msana unkawawa m'mawa uliwonse, ndipo chimene chinawatsalira chinali kompyuta imodzi yakale imene anagula kwa munthu wochokera ku Joni.

Kompyutayo inkakhala m'bokosi la matabwa lokhoma ndi loko. Anapangitsa dala kwa kalipentala, lokhala ndi kabowo kamodzi kumbuyo kotulukira mawaya. Pamwamba ankafunditsapo chitenje chifukwa cha fumbi la mathiraki. Iwo ankati anthu a masiku ano amatha kukuzulira chitsulo m'mimba mwa makina uli chiyang'anire.

Vuto linali liwiro. Kompyutayo inkachedwa, makasitomala n'kumawoloka msewu kupita kwa anyamata ena. Choncho mwezi wa Juni, kunja kukuzizira, anaitana Deliwe, mwana wa mlongo wawo, amene ankakonza mafoni ndi makompyuta kuseri kwa depoti.

"Purosesa yanu, kachipangizo kamene kamayendetsa zonse m'katimu, ndi ya mitima iwiri, amalume," anatero Deliwe. "Si yoipa, kungoti yakalamba ngati eni ake. Ndingaithamangitseko pang'ono."

Analowa pa tsamba lobiriwira limene limabwera kompyuta isanadzuke bwino, napeza nambala yolamulira liwiro. Inali pa 200. Ankaikweza pang'onopang'ono, ndipo akakweza ankaipatsa ntchito yolemetsa nthawi yaitali, uku akuyang'ana kutentha kwake. Zinamutengera tsiku lonse. Pa 250 kompyutayo inapunthwa, iye n'kubwerera pa 240. Anapukutanso purosesayo n'kupakapo mafuta otuwa atsopano othandiza kuchotsa kutentha.

"Apa ndiye polekezera. Musagwirepo. Ndipo bokosili muzilitsegula masana, makina amafuna mpweya."

A Zakeyu anangoti, "Ndamva." Koma maso awo anali atatsatira zala za Deliwe tsiku lonse, batani lililonse. Usiku wake funso linawadya. Ngati nambala imakwera, walekezeranji panjira? Ndiye anakumbukira kuti mmodzi mwa anyamata a kutsidya la msewu aja ndi mlamu wake wa Deliwe. Basi, nkhani inamveka: wasiya dala kuti makasitomala azipitabe kwa mlamuyo. Sabata yotsatira analowa okha pa tsamba lija n'kuika 266. Kompyuta inadzuka bwinobwino. Kukopera nyimbo si ntchito yolemetsa, ndipo kunja kunali kozizira. Sanauze munthu. Anangosangalala chamumtima kuti wina amugwira.

Unafika Okutobala. Malata ankalira okha ndi dzuwa, mphepo ikawomba inkakhala ngati yachokera mu uvuni wa makala. Tsiku lina cha m'ma hafu teni kunalowa mayi wovala zakuda, atafumbata fulashi m'dzanja ngati wagwira dzira. Anati dzina lawo ndi a Orlanda, achokera kwa Kanduku.

"Muli maliro a amuna anga m'menemu," anatero mayiwo. "Tinaika Loweruka. Amayi awo ali ku Mozambiki, kupitirira Zobue, miyendo inafa kalekale, sanathe kubwera. Ndikufuna aone mmene tamuikira mwana wawo."

Anafotokoza kuti wojambula uja anawapatsa kanema wamkulu, wa maola awiri ndi theka, amene sankasewera pa foni yaing'ono. Ankafunika kumuchepetsa n'kumuika pa memori khadi. Dalaivala wa thiraki, a Luckson, amene amadutsa pafupi ndi mudzi wa apongozi awowo, anavomera kutenga khadiyo. Mapepala ake a paboda anali atakonzeka kale, ankanyamuka thu koloko, ndipo sankadziwa kuti adzadutsanso liti njira imeneyo.

"Agogowo akudwalanso," anawonjezera a Orlanda. "Sindikudziwa ngati mvula iwapeze."

"Khalani pa benchipo, mayi. Mphindi makumi anayi ndi zisanu, zatha. Makina angawa si a masewera."

Anayambitsa ntchito. Kamzere kosonyeza pamene yafika kanayamba kukwawa. M'bokosi muja fani yoziziritsa makina inayamba kulira mokweza, kulira kumene a Zakeyu anali asanakumvepo. Kamzere katadutsa theka, sikirini inangoti bii, kompyuta n'kuyambanso yokha.

"Zatha?" anafunsa a Orlanda.

"Magetsi agwedezeka," ananama a Zakeyu. Babu la kudenga linali likuyaka phee.

Anayambanso. Ulendo uno kamzere kanafika patali, kutsala pang'ono, kenako chilichonse chinauma. Anagwedeza mausi, anamenya batani, osatheka. Anaika dzanja pa bokosi, thabwa linali lotentha ngati lakhala padzuwa. Anazimitsa pakhoma n'kuyatsanso. Fani inazungulira, sikirini osaonetsa kanthu.

Nthawi inali hafu thwelofu. A Orlanda anali ataimirira.

"Bambo, ndipatseni fulashi yanga ndikayese kutsidyako."

"Kumeneko amangodziwa kukopera. Kuchepetsa kanema sadziwa, akuonongerani."

Zimenezo zinali zoona, ndipo zinawawawa kuti mayiwo sanawakhulupirire. A Orlanda anapita ndithu. Patapita mphindi khumi anabwerera, nkhope ili pansi, n'kukhalanso pa benchi. A Zakeyu anatulutsa foni yawo. Anaiyang'ana nthawi yaitali asanamuimbire Deliwe.

Deliwe anafika cha m'ma wani koloko, sikuludiraiva ili m'thumba la epuloni, thukuta lili kamukamu.

"Kiyi, amalume."

Anamupatsa. Atatsegula bokosi munatuluka mpweya wotentha wonunkha fumbi lopserera. Deliwe anabweza nkhope.

"Mumaphikamo mbatata muno? Ndinati chiyani za bokosili?"

"Akuba ndi ambiri."

"Wakuba wake ndani angalimbane ndi ng'anjo imeneyi?"

Anaitulutsa kompyutayo n'kuiika patebulo, anachotsa chitsulo cha m'mbali, anapemerera fumbi limene linali litamatirira pa fani ngati thonje. Kenako anazula kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo kamene kamasunga zimene munthu wasintha pa tsamba lija. Anadikira pang'ono, anakabwezera, nayatsa. Sikirini inawala, nambala itabwerera pa 200. Deliwe anatembenuka.

"Pa 240 siikanakana kudzuka. Ikanazima ndi kutenthaku, inde, koma ikanadzuka. Munagwirapo?"

A Zakeyu anayang'ana kumsewu.

"Amalume, ndikufunsa. Munaika zingati?"

"266."

"Mayo ine! Ndani anakuuzani?"

"Palibe. Ndinaona kuti unasiya dala panjira. Mlamu wako uja ali apoyo, ndani sadziwa?"

Deliwe anaika sikuludiraiva patebulo. Anaseka kuseka kopanda chimwemwe.

"Tsiku lonse lija ndinatseka shopu yanga, ndinakhala pano osadya. Ndiye munkaona ngati ndikukuberani liwiro kuti ndikapatse alamu anga? Ndinanyamula m'thumba?"

"Pepani," analowerera a Orlanda, mawu ali otsika. "Za kubanja kwanu mukambirana ine nditapita. Thiraki ija sidikira."

Onse awiri anachita manyazi. Deliwe anayang'ana nthawi pa foni. Inali itadutsa wani koloko ndi mphindi khumi ndi zisanu. Anawerengera mokweza kuti onse amve. Pa 200, kanema yenseyo ankafuna ola lathunthu. Kukafika kumene kunaima thiraki, pa kabaza, mphindi khumi. Ndiye kuti anali ndi theka la ola ndi kakusefukira pang'ono.

"Bwezera pa 240 paja," anatero a Zakeyu. "Paja unayesa."

"Ndinayesa mu Juni. Lero ndi Okutobala, ndipo purosesayi mwaiwotcha miyezi inayi. Kuti ndidziwe ngati ingapirirebe, ndiyenera kuiyesa maola angapo, amene tilibe. Mwina itha, mwina izima panjira. Ngakhale itatha, nthawi siikwanabe. Makina ndi anu, nenani."

A Zakeyu anayang'ana nambala ija pa sikirini. Chala chinkawayabwa. Moyo wawo wonse, munthu akawauza kuti apa ndiye polekezera, pankakhala kuti iyeyo wabisa kena kake kuseri. Anayang'ana mayi wa zakuda uja, fumbi la kwa Kanduku lili m'mapazi. 

"Isiye pa 200," anatero. "Mayi, kanemayu tidula. Theka lokha ndi limene lipite. Sankhani."

A Orlanda anasendera pafupi. Deliwe ankathamangitsa zithunzi, iwo n'kumaloza ndi chala.

"Apa, poona nkhope, musachotse. Apa akuimba anthu a kwawo, siyani nyimbo imodzi. Ulalikiwu chotsani, abusa andikhululukire. Awa akulankhulawa chotsaninso, ankangodzitama."

"Nanga ulendo wa kumanda? Ndi wautali, mayi," anatero Deliwe.

"Umenewo ndiye ayi. Apongozi aone chigulu cha anthu. Iwo ankadandaula kuti mwana wawo anathawa nkhondo n'kukatsalira kwa eni, adzaikidwa ngati mlendo. Aone okha."

Kuti ulendowo ukwane, anachotsa mbiri ya malemu ndi pamene ana ankaika nkhata. Pa nkhatapo a Orlanda anazengereza, anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, kenako anagwedeza mutu kuvomera.

Kamzere kanayambanso kukwawa. Deliwe anatsegula kawindo kosonyeza kutentha, nawauza amalume ake kuti nambala imeneyo ikayandikira 70 anene. A Zakeyu anakokera mpando pafupi, anatsinzina diso limodzi kuti aone bwino, n'kumawerenga ngati mwana wa sukulu. 58. 61. 60.  Kunja mathiraki ankadutsa, ndipo iliyonse ikalira a Orlanda ankatembenuka. Makinawo ankayenda mwaulesi, mmene ankayendera asanawagwire aliyense, koma sanapunthwe.

Inatha kutatsala mphindi khumi ndi imodzi. Deliwe anaika khadi mu foni yake yaing'ono, chithunzi chinabwera, nyimbo ya maliro inamveka. Anaizula, anaikulunga m'kapepala, a Orlanda anaimanga pa nsonga ya chitenje n'kuthamangira wa kabaza amene anaima pa mthunzi wa golosale.

Deliwe anatola sikuludiraiva yake.

"Chitsulo cha m'mbalichi musabwezere mpaka mvula igwe. Mukafuna 240, ndidzabwera Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi, tidzayese bwinobwino. Mukafuna 266, musandiimbire."

"Iwe Deliwe," anatero a Zakeyu.  "Upite bwino. Ukawapatse moni amayi ako."

"Ndikawauza zonse," anayankha ali kale panja.

Patapita theka la ola wa kabaza uja anabwerera pa mthunzi wake. A Zakeyu anadzikoka mpaka pakhomo, dzanja lili pamsana.

"Achimwene! Mayi aja ampeza dalaivala?"

"Ampeza, madala. Injini inali italira kale, angomupatsira pawindo. Mayiwo atsala konko, akhala pansi m'mbali mwa msewu, akuti apume kaye."

A Zakeyu anagwedeza mutu. Analowanso m'shopu, anakhala pa benchi pamene panali mayi aja, n'kuvula nsapato.