Kanyama ka a Jaffalie

A Jaffalie, msodzi wa ku Malindi, anayamba ndi kulephera kumeza. Phala nalo litayamba kubwerera, madokotala anawalowetsa kapaipi kum'mero n'kudula kanyama kochepa ngati njere ya mpunga, akuti akakaunike ku Blantyre. Koma imfa ilibe ulemu, siidikira zotsatira. Bamboyo anatsirizika m'mawa, dzuwa lisanapendeke anali ataikidwa kale, mwa Chisilamu.

Mkazi wawo, Alima, analowa eda, miyezi ija wamasiye amabindikira pakhomo. Opepesa anasowa msanga ngati usipa mwezi ukawala. Ana analibe. Bwato ndi maukonde anatenga adzukulu a malemu, ana a mlongo wawo, zovala anagawana achibale. Alima anasungulumwa koopsa, ndipo chinthu chimodzi chinkamudya mumtima: mwamuna wake anaikidwa wosakwanira. Kanyama kaja kanali kuti?

Eda itatha, anakwera matola kupita kuchipatala, komwe anakumana ndi Ndaona, mtsikana wa mu labotale.

"Zotsatira zinabwera, mayi. Inali khansa ya kum'mero."

"Dzina la matenda ndichite nalo chiyani, mwanangu? Ine ndadzera kanyama kawo. Munthu azibwerera kwa Mulungu wathunthu."

Ndaona sanaseke. Anafotokoza kuti kanyama kotere amakaumitsa m'phula, n'kusengako tizidutswa topyapyala toika pagalasi, kotsalako amasunga. "Ndikafunsa akuluakulu, koma sindikulonjeza."

Patapita milungu, Ndaona anamuitana n'kumupatsa kanyama kaja. Kanali kaphula koyera, kosafika n'kabokosi ka machesi komwe, pakati pake kadontho kofiirira. Alima anakalandira ndi manja awiri n'kukamanga pansonga ya chitenje.

Tsono poti akazi salowa kumanda, anayenera kukapereka kwa a shehe kuti akakwirire pamanda a malemu. Anawapeza pakhonde akusoka mkeka.

"Mwatiyendera, Abiti Swadick. Kwagwanji?"

Alima anagwira mfundo ya chitenje ija. Apa m'pamene anazindikira kuti pa zonse za a Jaffalie, chomwe chinamutsalira n'chomwechi. Akapereka, m'nyumba muja atsalamo yekhayekha.

"Ndimangodutsa, a Shehe."

Atafika kwawo anamasula mfundo, n'kuika kaphulako pamphasa, mbali imene mwamuna wake ankagona. Manyazi anamugwira, chifukwa ankadziwa kuti akuwamana zimene iye mwini anawamenyera nkhondo.

"Mundikhululukire, bambo. Mawa ndikapereka."

Mawa lake ananenanso chimodzimodzi.